Gogodela wa Kuno ku Indiana

Mwana wathu wamwamuna atakwanitsa zaka 16 anabwera ndi pempho lomwe linatisowetsa tulo. Ankafuna kukasaka agwape mu Disembala pamodzi ndi mnzake wakusukulu ndi bambo ake, nyengo yomwe boma la Indiana limalola kusaka ndi mfuti za gogodela.

Poyamba tinakana. Ntchito yathu ndi ya unamwino, ndipo mabala a zipolopolo tawasambitsa ndi manja athu. Tinakumbukiranso agogo kwathu ku Ntchisi, omwe gogodela wawo anawaphulikira n'kuwadula zala ziwiri chifukwa anachulutsa wonga. Mfuti zoterezi zinalowa m'Malawi m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, ndipo kwathu sizikumbukiridwa ndi zabwino. Koma bambo a kunyumba anati mwana ukamukaniza chinthu amakachiphunzira kuseri. Tinagwirizana kuti ngati mfuti ilowe m'nyumba mwathu muno ku Beech Grove, ilowe titaidziwa tonse.

Tinapeza kuti gogodela alipo wa mitundu itatu. Woyamba amayatsa wonga ndi mwala wothetheka. Wachiwiri amagwiritsa ntchito kachisoti kakang'ono komenyedwa ndi nyundo, ngati wa agogo uja. Wachitatu ndi wamakono, wotchedwa inline, yemwe amapangidwa ndi makampani monga CVA ndi Traditions. Onsewa wonga ndi chipolopolo zimalowera kukamwa, ndipo umawombera kamodzi n'kuyambiranso.

Mnyamatayu mtima wake unali pa wa mwala. Anali atamva za ku Friendship, kumwera kwa Indiana, komwe kuli likulu la bungwe la National Muzzle Loading Rifle Association lomwe linayamba mu 1933. Mfuti zake n'zokongoladi, koma wonga wake ukanyowa suyaka msanga, ndipo munthu wosazolowera amatha kuganiza kuti yakana pamene ikuchedwa chabe. Ife tinasankha inline ya .50 pa chifukwa chimodzi chachikulu: chotsekera chakumbuyo chimamasuka, ndiye ukhoza kuchotsa wonga ndi chipolopolo osawombera, n'kusuzumira mumpope kutsimikiza kuti mulibe kanthu. Tinagulanso zipolopolo za kopa, pakuti mtovu umanyenyekera m'nyama ndipo umaononga ubongo wa ana.

Abale athu a ku South Bend ndi Indianapolis, makamaka ophunzira, chonde musathamangire kusitolo. Lamulo la dziko lino limaletsa anthu okhala pa viza yongoyembekezera, monga ya sukulu, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira. Gogodela ambiri lamulolo siliwawerengera m'gulu la mfuti wamba, koma ena, omwe mpope wake umasinthika, limawawerengera. Funsani wodziwa malamulo musanatulutse ndalama, chifukwa mlandu wa mfuti ungathe kukuonongerani mapepala.

Mnyamata wathu anayamba wachita maphunziro a alenje omwe nthambi ya DNR imafuna kwa obadwa chaka cha 1986 chitatha. Kumeneko anamuuza zomwe agogo sanauzidwe: wonga umayezedwa, suthiridwa mongoyerekeza, ndipo wonga wa mfuti zamakono mu gogodela wotere umaphulitsa mpope. Anaphunziranso kuti chovala cha olenji n'chokakamiza m'tchire.

M'nyumba tinaika malamulo athu. Mfuti imakhala m'bokosi lokiya, wonga kwina, ndipo makiyi amayenda nafe ngakhale tili pa ntchito ya usiku. Sapita kutchire popanda munthu wamkulu.

Tsiku loyamba anabwera chimanjamanja, ali njenjenje ndi chisanu. Anati gwape anamuona, koma kumbuyo kwake kunali nyumba, ndiye sanawombere. Tinamuphikira nsima ya nkhuku, ndipo atadya anakhala pakhonde ndi bambo ake kutsuka mpope.