Mbawala ya ku Michiru

Ife tikhala pafupi ndi Ginnery Corner, pamene galimoto za pa msewu wa Chipembere sizileka kulira kuyambira mbandakucha kufikira usiku. Munthu wokhala potero aiwala msanga kuti dziko lino lili ndi nyama zakuthengo. Zaka zambiri takhala tikuphunzitsa ana m'kalasi za mbawala ndi fisi, tikuloza zithunzi za m'buku, ndipo mwana akafunsa kumene angazione tinali kuyankha kuti ku Liwonde, kapena ku Majete kumene mikango inabwezeredwa m'chaka cha 2012. Tsono mwana wa ku Ndirande adzafika liti ku Majete? Kuyankha kotero kunali ngati kumuuza kuti nyama ndi za alendo a makamera.

Chimene chinatiwongola maganizo ndicho njinga. Tinaigula kwa ogulitsa zakunja zogwirapo kale ntchito ku Limbe, njinga ya matayala onenepa ndi magiya ambiri, imene anyamata aitcha ya m'mapiri. Sing'anga anati mwazi wathu uthamanga kopambana, ndipo tiyenera kupalasa. Poyamba tinachita manyazi, pakuti kwathu munthu wa imvi akwera njinga chifukwa ali ndi ulendo, ndipo wongopalasa wopanda kopita anthu amuyesa wosokonezeka. Koma tsiku lina Loweruka tinalawira, tinadutsa mzinda usanadzuke, ndi kulunjika ku phiri la Michiru, limene liima makilomita ngati 8 kuchokera pakati pa Blantyre. Nkhalango yake inaikidwa m'manja mwa boma kuti isungidwe m'zaka za m'ma 1970, ndipo nsonga yake ipitirira mamita 1,400.

Kumene phula lithera, njira iyamba kukwera pakati pa mitengo ya masuku ndi mombo. Pokwera, munthu sapenya kanthu koma tayala la kutsogolo ndi thukuta lake. Potsika mpamene pali nkhani. Njinga ilibe phokoso. Woyenda pansi aswa masamba ouma, nyama nimumva akali patali. Wa galimoto amveka kutsidya kwa chigwa. Koma wa njinga afika msanga ndi mwakachetechete, kotero kuti iye ndi nyama adzidzimukana onse awiri.

Zinatero ndi ife pa khwawa lina. Tinakhota pa mwala waukulu, ndipo taonani, mbawala yaimuna ili chiimire pakati pa njira, yofiirira moderako, ya mawanga oyera m'ntchafu ndi nyanga zopotoka. Tinagwira mabuleki onse awiri mwamphamvu, chimene wodziwa njinga sachita pa mtsetse, ndipo tayala la kumbuyo linatereka, ife nkugwera m'udzu. Tili chigonere tinaiona ikutipenya, makutu ali tcheru. Pamenepo inauwa kamodzi monga galu, nilowa m'tchire mutu uli pansi. Kuti mbawala iuwa tinali titawerenga, ndipo tinali titalembapo pa bolodi. Koma kumva ndi makutu athu, bondo likuchucha mwazi, kunatichititsa manyazi ndi chimwemwe pamodzi, pakuti tinazindikira kuti kwa zaka zonsezi tinali kuphunzitsa chinthu chimene sitinachidziwe.

Chiyambire tsikulo tabwerera kawirikawiri. Anyani ndiwo ochuluka. Iwo sathawa njinga monga athawa munthu wa ndodo. Akhala m'njira, aakazi ana ali kumsana, ndipo nyani wamkulu atsalira kumbuyo nationetsa mano. Taphunzira kutsika, kuimika njinga pakati pa ife ndi iwo, osawayang'anitsa m'maso, ndi kubisa nthochi m'thumba. Fisi sitinamuone, koma ndowe zake zoyera ngati choko tazipeza m'mawa pa njira, ndipo kuyera kumeneko kuchokera ku mafupa amene iye aphwanya ndi kudya.

Tikadakonda kuti nkhani yathu ilekere pomwepa, koma owerenga athu a mu Blantyre adziwa kuti si nyama zokha ziyenda m'njira zimenezo. Tsiku lina tcheni chinaduka tili pakati pa nkhalango. Tikali kusinkhasinkha za kukankha njinga kufikira kwathu, panatulukira munthu akukankha yake, yakuda, yopanda magiya, itasenza matumba atatu a makala omangidwa pa kaliyala. Anaima, natipenya ndi mantha pang'ono, kuyesa kapena tili a zankhalango.

“Mwaswera bwanji, bambo? Yavuta njinga?”

“Yavuta ndithu, achimwene. Tcheni chaduka.”

Anatsamiritsa katundu wake pa mtengo, natola mwala ndi msomali, ndipo m'kanthawi kochepa analumikiza tchenicho. Ndalama anakana. Tinamfunsa ngati aona mbawala, ndipo anati kale zinalipo zambiri, koma tsopano zathawira kumtunda. Sitinamfunse chimene chinazithawitsa, pakuti yankho linali pa njinga yake, ndipo tonse awiri tinalidziwa. Patsogolo pang'ono, pa kanjira ka nyama, tinapeza msampha wotchera ndi waya wa mabuleki a njinga, wofanana ndi umene unatiimitsa pamaso pa mbawala ija. Tinaumasula, ndipo uli pa tebulo lathu ku sukulu.

Nkwapafupi kwa mphunzitsi kudzudzula munthu wotero, ndipo tamva ambiri akutero pa misonkhano. Akulu a mzinda uno akumbukira phiri la Ndirande lili ndi nkhalango, lisanametedwe m'zaka za m'ma 1990. Tonse tikumbukira Malichi wa 2023, pamene mvula ya namondwe Freddy inagumula matope ndi miyala pa phiri la Soche, nizikwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Palibe wofuna kuti Michiru itsate njira yomweyo. Koma makala aja sapita kutali. Atsikira m'misika ya mzinda womwe uno, ndi m'makomo mwathu, mwa ife a malipiro a pamwezi, amene tiyatsa mbaula magetsi akazima, ndiponso ngakhale asanazime, popeza nyemba zidya mayunitsi.

Lolemba tinauza ana a Sitandade 7 za mbawala youwa, ndi kuwaonetsa bala la pa bondo, limene linawakondweretsa koposa phunziro lonse. Mtsikana wina anafunsa ngati tingawatengere kumeneko iwonso akaione. Tinalonjeza kuti tidzapempha chilolezo mvula ikatha, koma sitinalonjeze kuti adzaipeza. Madzulo ake tinafika kunyumba magetsi atazima, ndipo amayi a kunyumba anali pa chipata akutsitsana mtengo wa thumba ndi mnyamata wa njinga yakuda. Anatiitana kuti tiwonjezere ndalama yotsala, ndipo tinaipereka.