MUDZI UMENE MCENGA ULIKUUMEZA

Palibe wa ife wosadziwa bwinja. Anthu akasamuka pamalo cifukwa ca maliro ocuruka, kapena cifukwa nthaka yaguga, nyumba zao zimagwa ndi mvula yoyamba kapena yaciwiri, ciswe cimatsiriza mitengo, ndipo popita zaka zowerengeka wapaulendo sazindikira kuti panali mudzi, koma poona nsatsi ndi bonongwe padzala, mango oima paokha, ndi msitu wa manda umene nkhwangwa siulowa. Bwinja lathu nthaka imalilandiranso, ndipo adzukulu amadzalimapo cimanga cabwino. Tsono ndifuna kukusimbirani, owerenga anzanga, za bwinja la mtundu wina limene ndinaliona m'cipululu ca Namib, m'dziko la Namibia, kumene nyumba ziri ciimire, utoto uli pa makoma, koma pakhomo sipamera ngakhale nsatsi imodzi.

Mwana wathu wamkazi woyamba agwira nchito ya unamwino ku Windhoek, ndipo m'mwezi wa August, 2023, sukulu zitatsekera, anatiitana kukaceza, ine ndi amace Naphiri ndi mnyamata wathu wotsiriza wa zaka 14. Mkamwini wathu ndiye anati mlendo sabwerera asanaone nyanja yamcere, natikweza m'galimoto lace. Tinayenda makilomita monga 500 kulinga kumwera kufikira Keetmanshoop, kumene tinagona. M'mawa mwace tinapotolokera kumadzulo, makilomita ena oposa 300, kulinga ku doko la Lüderitz. Titapitirira mudzi wa Aus dziko linayamba kutsika, mitengo inatha, udzu unacepa, kufikira sitinaone kanthu koma miyala ndi mcenga ndi njanji yotsata mseu. Pa Garub tinaona akavalo akuthengo alikumwa pa citsime cokumba anthu, opanda mbusa. Naphiri, amene maso ace afuna munda paliponse, anafunsa kuti, "Kodi anthu a kuno alima kuti?" Mkamwini anayankha mwaulemu, osaceuka, kuti, "Amai, kuno khasu liribe nchito." Ndipo ananena zoona, pakuti mvula ya ku Lüderitz ya caka cathunthu siifika mamilimita 50, ndiyo imene kwathu igwa usiku umodzi wa January. Cinyezi cimene ciripo ndi nkhungu yocokera ku nyanja ya Atlantic, imene madzi ace ali ozizira ndithu.

Patatsala makilomita monga khumi kufika ku doko, kudzanja lamanzere, tinaona nyumba zazikuru ziri ndanda pa citunda, zina zosanja, madenga ena ali mbee, koma popanda utsi, popanda galu, popanda mwana wothamangira galimoto. Ndiwo mudzi wa Kolmanskop. Dzinali licokera kwa woyendetsa ngolo wina, Johnny Coleman, amene anasiya ngolo yace ya ng'ombe pa citunda cimeneco atagwidwa ndi mkuntho wa mcenga. Munthu salowamo wopanda cilolezo, ndipo alendo amalowa m'mawa, pakuti dzuwa likapendeka mphepo iomba kolimba, ndi mcenga uluma miyendo ngati linthumbu.

Ciyambi ca mudziwu ndi ici. Masiku amenewo dzikoli linali m'manja mwa Ajeremani. M'mwezi wa April, 1908, munthu wakuda dzina lace Zacharias Lewala, wanchito wa pa njanji, analikucotsa mcenga ndi fosholo kuti sitima ipite, ndipo anaona kamwala konyezimira. Iye anali atagwirako nchito ku Kimberley, cotero anakazindikira, nakapereka kwa kapitao wace, August Stauch. Kamwalako kanali daimondi. Stauch anasunga cinsinsi kufikira atadzilembera malo, koma mbiri itamveka anthu anathamangira m'cipululu, ogulitsa m'sitolo ndi a m'zombo omwe, ali yense kufuna dera lace. M'mwezi wa September caka comweco Boma la Germany linachinga dziko lonselo, naliletsa kwa anthu wamba, ndipo dzina lace kufikira lero ndi Sperrgebiet, ndiko kunena dziko loletsedwa. Ukulu wace uli pafupi kulingana ndi Cigawo ca Kumpoto ca Malawi.

Mwina mudzafunsa kuti miyala ya mtengo wotere inafika bwanji pamwamba pa mcenga, popeza kwina aikumba pansi penipeni. Mtsinje wa Orange ndiwo unaikokolola kumtunda zaka zosawerengeka, nuitaya m'nyanja. Mafunde anaikankhira kumpoto motsata gombe, naiponya pamtunda. Pamenepo mphepo inacita nchito ya mkazi wopeta, kuulutsa mcenga wopepuka ndi kusiya miyala yolemera m'zigwa. Cifukwa cace poyamba panalibe mgodi ai. Anchito anaikidwa m'mzere, nakwawa ndi maondo ndi zigongono, kutola daimondi monga ana atola mtedza wotsalira m'munda. M'caka ca 1912 dera limeneli linaturutsa makarati monga 1,000,000, ndiko kuposa limodzi la magawo khumi a daimondi wa dziko lonse lapansi caka cimeneco. Pomva ici ndinapatsa mnyamata wanga samu, pakuti mphunzitsi saleka khalidwe lace ngakhale paulendo. Makarati 5 apanga galamu imodzi. Tsono 1,000,000 ndi makilogalamu angati? Anawerenga ndi cala pamcenga, napeza 200. Anakhala cete, ndipo anati, "Atate, amenewo ndi matumba anai okha a cimanga." Indedi, zokolola za caka conse za anthu mazanamazana zikadakwana m'ngolo imodzi, malo n'kutsalako.

Koma matumba anai amenewo anamanga zodabwitsa. Wotitsogolera anatilowetsa m'nyumba yaikuru ya madyerero ndi magule, m'mene muli bwalo la masewero ndi cipinda cogubuduzira mipira yamtengo, cimene cikali cabwino. Anationetsa popangira buledi, pogulitsira nyama, ndi nyumba ya makina opanga madzi oundana, amene kasitima kakang'ono kanagawa khomo ndi khomo m'mawa uli wonse. Magetsi anali kuyaka m'nyumbazi pamene midzi yambiri ya ku Ulaya inali kuunikira nyali. Madzi akumwa anadza pa sitima ya pamadzi kucokera ku Cape Town, ulendo wa makilomita mazana ambiri. Anatiuza kuti m'zaka za m'ma 1920 munali azungu akuru monga 300, ana ao monga 40, ndi anchito Aovambo monga 800.

Titamva izi anatimasula kuti tiyende tokha, natichenjeza za njoka ndi matabwa oola. Nyumba za akuru ziri ndi zikwangwani zochula nchito ya mwini wace: ya woyang'anira mgodi, ya wolemba mapulani, ya wosunga mabuku a ndalama, ya dokotala, ya mphunzitsi. M'nyumba zambiri mcenga walowa pa mazenera ndi pa makomo, nudzaza zipinda kufikira m'ciuno, kwina kufikira pamutu pa citseko, kotero kuti munthu alowa cokwawa. Zitseko zinatseguka kalekale ndipo sizidzatsekekanso, pakuti mcenga wazigwira. Makoma ali obiriwira, ena acikasu, ndi maluwa olembedwa m'mphepete, osafufutika cifukwa kulibe cinyontho. Bafa lacitsulo liri panja, lodzala mcenga. Mnyamata wathu ndi mlongo wace anatsetsereka pa mulu wa m'cipinda codyera, kuseka ngati ana a mkaka. Ine ndinaima nthawi m'nyumba ya mphunzitsi mnzanga uja, ndi kulingalira kuti iye anali ndi ana 40, ndipo ine ndiri nao oposa 90 m'kalasi limodzi. Koma sukulu yace inatha, pamene yanga ikali kulira belu, cifukwa makolo a ana anga ali ndi minda pomwepo.

Kumene mtima unatilemera ndi ku cipatala, nyumba yaitali ya khonde lamkati losaoneka mathero. M'menemo munali makina a X-ray, oyamba m'maiko a kumwera kuno monga anena eni ace. Makinawo anaunika odwala, inde, komanso anaunika m'mimba mwa anchito, kuona ngati wina wameza mwala. Wotitsogolera anati munthu akatsiriza nyengo yace anamtsekera masiku angapo asanapite kwao, nammwetsa mafuta a nsatsi, kuti cobisika ciri conse cituruke. Anthu amenewa anacokera kutali kumpoto, ku malire a Angola, atalemba cipangano ca miyezi yambiri, osaloledwa kutenga akazi kapena ana ao, ndipo anagona m'komboni, kutali ndi nyumba za maluwa zija.

Pamenepo Naphiri anakhala pansi pa khomo la cipatala, nafunda citenje kumutu. Atate wace anapita ku migodi ya ku Joni m'caka ca 1973, iye ali kumbuyo kwa amace, ndipo anatumiza bulangete ndi kalata ziwiri, osamvekanso. Anandiitana nati, "Bambo a ana, taonani zikwangwanizi. Wolemba mapulani ali ndi nyumba, wosunga mabuku ali ndi nyumba. Nanga aja 800, wina anawalemba pati? Kapena ku Ovambo kuli nkhalamba yonga amai anga, imene inafa iri kuyang'ana kunjira." Mwana wathu wamkazi anakhala pambali pace, namgwira dzanja, ndipo mkamwini anapatuka kukaima patali, monga ayenera. Sindinayankhe, pakuti funso lotere siliyankhidwa ndi zaka ndi ziwerengero zimene ndinali nazo m'kabuku kanga.

Madzulo ace ku Lüderitz tinapita pa Shark Island, thanthwe loloza m'nyanja, pamene tinapeza alendo atamanga mahema ao. Pamalo pamenepo, kuyambira 1905 kufikira 1907, Ajeremani anasungapo akaidi a mitundu ya Aherero ndi Anama, amuna, akazi ndi ana, ogwidwa pa nkhondo imene inayamba mu 1904. Ambiri anafa ndi njala, cisanu ndi nthenda. Enanso anatengedwa kukamanga njanji ya ku Aus, ndipo mwa akaidi monga 2,000 amene anagwira nchitoyo, oposa 1,300 anafa. Imeneyo ndiyo njanji imene Lewala analikuicotsa mcenga caka cotsatira. M'caka ca 2021 Boma la Germany linabvomera kuti zimene zinacitika zaka zimenezo kunali kupulula mitundu ya anthu. Wofuna kusimba za magule ndi madzi oundana a ku Kolmanskop ayambire pa thanthwe limeneli, pakuti popanda njanji mudziwo sukadakhalapo.

Nanga mudziwo unatha bwanji? Nkhondo ya 1914 inaimitsa malonda, ndipo mu 1915 asilikali a South Africa analanda dzikolo. Mu 1920 Ernest Oppenheimer anagula makampani a Ajeremani nawaphatikiza kukhala limodzi, la Consolidated Diamond Mines. Miyala ya pamwamba inali kucepa caka ndi caka, popeza daimondi saphukira ngati cinangwa. Tsono mu 1928 anapeza miyala yaikuru koposa pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Orange, makilomita oposa 200 kumwera. Pakuti yolemera inatsalira pafupi ndi mtsinje, ndipo yaing'ono ndiyo mafunde anaifikitsa kumpoto. Anthu anayamba kusamukira ku mudzi watsopano wa Oranjemund, ndipo otsiriza anacoka ku Kolmanskop mu 1956. Kuyambira tsiku la fosholo ya Lewala zaka sizinakwane 50. Stauch mwini wace cuma cinamthera, namwalira ku Germany mu 1947 wopanda ulemerero wace wakale. Lewala daimondi sanamlemeretse konse. Cimene anatsala naco ndi dzina, ndipo mwa anthu akuda onse amene anakwawa pamcenga umenewo, dzina lace lokha ndilo alendo amalimva.

Ndalingalira kwambiri za ici cibwerere. Mudzi uja unali ndi magetsi koma unalibe citsime. Unali ndi buledi koma unalibe nkhokwe. Unaima ndi mwendo umodzi, ndipo mwendowo utathyoka panalibe cowagwira anthu kuti akhale. Eni nyumba sanalire posamuka monga alira munthu wosiya manda a makolo ace, pakuti kwao kunali kwina. Ndipo anchito naonso kwao kunali kwina. Onse anali alendo, koma mlendo wina anabwerera ndi cuma, wina ndi cifuwa ca pfumbi, wina osabwerera konse.

Cifukwa cace ndiri ndi pempho kwa aphunzitsi anzanga ndi kwa onse odziwa kulemba. M'midzi mwathu mukali nkhalamba zimene zinapita ku migodi ya ku Joni, ya ku Wankie ndi ya ku Copperbelt, ndiponso amai amene akumbukira maina a machona. Anthu amenewa alikutha caka ndi caka. Tumani ana a sukulu akhale pa mphasa ndi agogo ao, afunse dzina la munthu, mfunda wace, mudzi wace, caka cimene anapita, kumene anagwira nchito, ndi ngati anabwera kapena ai. Alembe m'buku, ndipo bukulo lisungike kwa mfumu kapena pa sukulu. Ife tayamba kale. Ana a kalasi langa abweretsa maina 37 a m'midzi inai yokha, ndipo dzina loyamba m'bukumo ndi la atate wace wa Naphiri.