Za Combo Copanda Munthu Copita ku Mwezi

Abale anga, ine ndizizwa nao anyamata atatu a ku Israel, amene m'caka ca 2011 anapangana kutumiza makina ku mwezi, potama makamaka ndarama za anthu aufulu. Google idalonjeza madola 20 miliyoni kwa iye amene adzatsitsa makina pamwezi, nawayendetsa mamita 500, natumiza zithunzi. Lonjezolo linatha m'caka ca 2018 popanda wolandira. Koma iwo sanaleka.

Popeza cuma cinacepa, uphungu wao wonse unali wa kusunga. Combo cao, Beresheet, ndilo dzina la buku la Genesis m'Cihebri, cinali cacing'ono. Cinakwera roketi pamodzi ndi katundu wa ena, nicizungulira dziko lapansi masabata angapo kuti mafuta asathe, pamene a Apollo anafika pa masiku atatu. Apa ndiwayamika. Koma kusunga komweko kunawamana zipangizo zambiri zolowa m'malo mwa zoonongeka, ndipo ndikadakhala pa upo wao ndikadalimbika pamenepa. Pa 11 April 2019, cirikutsika, cipangizo cimodzi cinalephera, injini inazima, ndipo combo cinaphwanyika pamwezi.