Waini wochipa pa mbale ya nsima

Tili anayi m'nyumba imene ticita lendi ku Chilenje, ndipo palibe wa ise amene anakulila pa nyumba yomwa waini. Kwathu cakumwa cinali munkoyo, thobwa na maheu. Waini tinali kumuona pa ukwati cabe, pa tebulo la akwati, olo m'manja mwa anthu a ku Kabulonga amene amazungulitsa tambula na kununkhiza monga mwagwela nchenche.

Cinatikankha ni manyazi. Mnzathu wina anapita ku cakudya ca kunchito, ndipo womuthilila anafunsa kuti, "Wofiila olo woyela?" Iye anayankha kuti, "Zilizonse." Atebulo anaseka pang'ono, osati moipa, koma iye anabwela alumbila kuti sadzapitakonso. Ise tinati iyayi, tiphunzile kuno kunyumba, kumene otiseka ni ise tekha.

Mwezi utatha tinasonkha ndalama, tinalowa mu shopu, maso pa shelefu ya pansi pomwe mitengo siopsa. Pafupifupi botolo lililonse linali la ku South Africa. Tinatenga Pinotage cifukwa dzina linatikomela. Pambuyo pake m'pamene tinadziwa kuti mphesa iyi inabadwila ku Stellenbosch mu 1925, pamene Abraham Perold anakwatitsa Pinot Noir na Cinsaut. Kumbuyo kwa botolo analemba kuti ayenda bwino na steki, pasta na chizi. Za nsima, zii.

Tinapangana kuti botolo la 750ml litifikitse masiku atatu. Waini uyu anali 14%, mphamvu yake pafupifupi katatu kuposa lagala, conco aliyense anali kulandila pang'ono pansi pa kapu ya tiyi. Matambula a mwendo tilibe.

Kulawa koyamba kunali kowawa. Unali Okutobala, botolo linacoka mu minibasi lili lofunda. Mkamwa munauma monga taluma nthoci yosapsa. Wina anati tagula wowola, tibweze. Koma kuuma kuja ni tanini, amene acokela ku makoko na njele za mphesa, yemweyo amene mumamva mu tiyi wakuda wokhalitsa mu poto. Malaiti anali atapita, ndiye tinaika botolo mu baketi ya madzi ozizila kwa kanthawi. Atazizilako anafatsa, kafungo ka zipatso kanayamba kumveka.

Usiku umenewo ndiwo zinali kapenta na impwa. Musayese. Kapenta ya ku Siavonga, imene timaikonda na mtima wonse, inasanduka cinthu cina: fungo la nsomba linakula, lilime linamva monga tanyambita khobili. Impwa nazo, kuwawa kwake kunakumana na kuwawa kwa waini, palibe anagonja. Amene anaonjeza tsabola analila, pakuti mowa umakolezela moto wa tsabola.

Tsiku laciwili tinayatsa mbaula na kuocha micopo ya mbuzi, mcele na anyezi basi. Apa zinagwilizana monga analembela pa botolo. Mafuta na mcele zinafewetsa kuuma kuja, waini nayenso anatsuka mafuta mkamwa, nthuli yotsatila inakoma monga yoyamba. Izi sizinatidabwitse kwenikweni.

Cinatidabwitsa ni visashi. Mlongo wathu anaphika cibwabwa cotendela, nshawa zambili, mmene aphikila ambuye ake ku Petauke, ndipo tinaciika pa tebulo mosayembekezela kanthu. Munthu wamenya nthongo ya nsima, wasunsa, wameza, wamwako pang'ono, kenako wakhala cete ayang'ana mnzake. Nshawa zili na mafuta ake, ndipo zinacita nchito imodzimodzi imene nyama icita, koma mofatsa. Waini anakhala wosalala, visashi vinamveka kununkhila kwa nshawa zokazinga cinkana sitinakazinge. Tinathamangila pa kona kukagula cikanda kuti tione ngati ni mwayi cabe. Cikanda naco cinalola, malinga osacimiza mu tsabola. Amene analemba za pasta sanadyepo ndiwo izi, ndipo sitimuimba mlandu. Koma ise tikanamvela pepala lija, sembe tinayembekeza steki mpaka Khilisimasi.

Nsima yeniyeni ilibe mbali. Siikangana na waini, siimuthandiza, imangopukuta mkamwa kuti muyambenso. Vuto lake ni la manja: dzanja lamanja lili na nchito, conco kapu igwilidwa na lamanzele, apo ayi mudzaitsuka kawili.

Tsiku lacitatu kunali nyemba za Kabulangeti na tomato wambili. Zinayenda bwino ndithu, koma waini anali atayamba kutopa. Mpweya ukalowa m'botolo kukoma kumathawa, ndipo ise filiji yathu imadalila malaiti. Kotsala tinakathila mu mphika wa nyama ya mawa lake, msuzi unada bwino, ndipo mwana wa aneba anafunsa ngati tasintha wophika.

Mnzathu uja anaitanidwanso mwezi watha, ndipo anapita. Atamufunsa funso lija, anayamba wafunsa kuti ndiwo ni ciani. Anamuuza kuti ni nsomba. Anakumbuka kapenta, anapempha woyela. Akuti anali wowawasa monga mandimu, ndipo sadziwa ngati ni mmene afunika kukhalila. Manje tayambanso kusonkha.