Liwu Lopezeka Kamodzi Kokha

Tsiku lina Loweruka ife akulu a mpingo tinakhala pabwalo kumva mlandu wa mtsikana amene anatenga pathupi asanakwatiwe. Anali mwana amene tinamphunzitsa tokha kuwerenga ali m'kalasi yoyamba. Anakhala pansi ataweramitsa mutu, mayi ake ali pambali. Mnyamata womchimwitsa sanaoneke, ndipo palibe mmodzi mwa ife amene anafunsa za iye. Madzulo ake mtima sunakhale m'malo, choncho tinatsegula Yohane mutu 8.

Pa vesi 7, pamene Ambuye Yesu anena za munthu woyenera kuyamba kuponya mwala, pali liwu la Chigriki lakuti anamartetos. M'Chipangano Chatsopano chonse lipezeka pamenepa pokha. Chiyambi chake, an-, chili ngati "wopanda" m'chinenero chathu. Tsinde lake ndi hamartano, liwu limene Agriki akale ankanenera mkondo wophonya chimene mwini wake anafuna kulasa. Tsono anamartetos ndiye munthu amene sanaphonyepo.

Ahebri nawonso ankaona tchimo chimodzimodzi. Pa Oweruza 20:16 timva za anthu amanzere 700 a fuko la Benjamini amene ankaponya miyala ndi gulaye mosaphonya ngakhale tsitsi, ndipo liwu la Chihebri la kuphonya pamenepo ndi lomwenso litanthauza kuchimwa.

Nanga aja anabwera ndi mkazi wachigololo m'Kachisi, anali osaphonya kodi? Levitiko 20:10 alamula kuti mwamuna ndi mkazi alangidwe onse awiri, koma iwo anagwira mkazi yekha. Deuteronomo 17:7 afuna kuti mboni ndizo ziyambe kuponya, ndipo Ambuye anangofunsa mboni yoyera manja. Anali ataphonya kale mwala usanachoke m'dzanja. Vesi 9 itilasa ife a imvi koposa, pakuti oyamba kuchoka anali akuluakulu. Zaka zikachuluka, nazonso zophonya zimene munthu akumbukira zichuluka.

Onse atapita, anatsala Mmodzi amene liwulo limuyenera, amene Ahebri 4:15 amchitira umboni kuti anayesedwa m'zonse koma sanachimwe. Yekhayo anali ndi mphamvu ya kuponya, ndipo sanaponye. Komanso tchimolo sanalichepse, pakuti anauza mkaziyo kuti asachimwenso.

Sitikunena kuti chilango cha mpingo chithe, ayi. Ife aphunzitsi tidziwa kuti mwana wolakwa samu tikangomchongera, tamlakwira. Koma mphunzitsi wabwino akumbuka kuti nayenso anaiphonyapo samu yomweyo, nakhala pansi ndi mwanayo kufikira ataipeza. Ndi mtima umenewu Agalatiya 6:1 atipempha kubweza wolakwa mofatsa, tikudziyang'anira tokha.

Pa bwalo lotsatira tinaitana mnyamata uja pamodzi ndi makolo ake. Tinapitanso kukacheza ndi mtsikanayo kwawo, chinthu chimene tikanayenera kuchita poyamba pomwe.

Makolo anzathu, mwana wanu akaphonya, mdzudzuleni ndithu, koma muyambe mwaika mwala pansi. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, musathawe nyumba ya Mulungu chifukwa cha manyazi. Pa mipando yonse ya m'tchalitchi, ngakhale ya kutsogolo imene tikhalapo ife, palibe anamartetos ndi mmodzi yemwe. Wosaphonyayo ndi Khristu yekha, ndipo ndi Iye amene akuitanani.