Sukulu ya pa Mchenga ku Uluru

Pa ulendo wathu wa ku Australia tidafika ku Uluru, chimwala chimene boma lidabwezera kwa eni ake, Anangu, m'chaka cha 1985. Kukwera chimwalacho kudaletsedwa mu 2019, motero tidaphunzirira m'tsinde mwake. Amayi ena achikulire adasalaza mchenga ndi chikhatho nayamba kulemba ndi chala. Mizere yozungulira ndiyo chitsime kapena msasa. Chizindikiro chonga U ndiye munthu, pakuti ndi mmene pamaonekera pamene wakhala pansi. Kenaka adatipatsa timitengo ndi utoto kuti tidonthetse timadontho tokha, ndipo ife ozoloŵera choko manja adatilemera ndithu. Titafunsa za chithunzi china, adangomwetulira nati nkhani imeneyo ili ndi eni ake, mlendo sauzidwa ngakhale atalipira.