Mapiri a ku Chalimbana, Kale ndi Lero

Kalekale mphunzitsi wochokera ku Chalimbana ankawadziwa mapiri a dziko lino ngati abale ake. Chiyambire 1939, pamene sukulu ya Jeanes inasamukira kuno kuchokera ku Mazabuka, aphunzitsi ambirimbiri aphunzirira pano kujambula mapu ndi choko. Mzinda wa Lusaka uli pachitunda, mamita pafupifupi 1,300 pamwamba pa nyanja yamchere. Kum'mwera nthaka imatsetsereka mpaka kuchigwa cha Zambezi. Kum'mawa, ukapitirira Rufunsa, msewu wa ku Chipata umakhotakhota m'mapiri a Manenekela usanafike pamlatho wa Luangwa. Kutali kumpoto, kumalire ndi Malawi, kuli mapiri a Mafinga, aatali kuposa onse m'Zambia, opitirira mamita 2,300.

Ana a m'midzi ya Asoli ankawaphunzira mapiri ndi mapazi. Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, ankakwera kukatola masuku ogwa okha, n'kubwerako milomo ili nyatinyati. Mvula ikakhazikika, amayi ankalawirira ndi madengu kukazula bowa pansi pa mitengo ya mombo. Patsinde pa phiri pankatumphuka kasupe wozizira, ndipo mtsinje wa Chalimbana unkayenda chaka chonse kukathira mu Chongwe, ukuthirira madimba a mpiru ndi matimati.

Lero manambala aja a m'mabuku sanasinthe, koma mapiri ambiri ametedwa mpala. Imani m'mbali mwa Great East Road m'mamawa: mudzaona matumba a makala atandandalikidwa, pakamwa pake atalukapo timitengo ndi luzi kuti aoneke odzaza, ndi anyamata akukankha njinga zolemedwa kulowera ku Lusaka. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi kudamu la Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo mbaula za mumzinda zinadya nkhalango zakumudzi. Nako kunkhalango ya Forest 27, kumene kuli magwero a Chalimbana, gawo lina linachotsedwa m'chitetezo cha boma mu 2017, ndipo pamene panali mitengo pamera nyumba. Phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Mvula imangotsetsereka ndi dothi, ndipo pofika chilimwe mtsinje umatsala zithaphwi zokha.

Wowotcha makala sindimuimba mlandu, pakuti nayenso ali ndi ana ofuna nsima ndi yunifolomu. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana wa lero angathe kutchula kutalika kwa Mafinga, koma kasupe wa kuphiri lakwawo sanamuonepo.

Chaka ndi chaka, pamwambo wa Chakwela Makumbi, mfumu yaikulu ya Asoli, Nkomeshya Mukamambo II, imapempha mvula m'malo mwa anthu ake. Mvulayo ikabwera, imafuna mizu yoti iigwire. Chalimbana tsopano ndi yunivesite, ndipo ikusulabe aphunzitsi. Aphunzitsi amenewa akwere mapiri ndi ana awo a sukulu, aliyense mbande ya msuku ili m'manja, kuti adzukulu athu adzamwenso madzi a Chalimbana m'mwezi wa Okutobala.